Maso ofiira a Lachitatu

M'zaka zija tinkalandira malipiro m'madola a ku America, tinapempha banki yathu kuti itiwonjezere ndalama. Akuluakulu a ku Harare anatiyankha mwachikondi: anatitumizira mlangizi. Anati vuto lathu silinali m'thumba koma mumtima. Mayiyo ankabwera Lachitatu lililonse ku nthambi yathu ya ku Chitungwiza, n'kukhala m'kachipinda koyang'anana ndi ofesi ya manijala, kudikira oti amuuze mavuto awo.

Palibe ankalowa. Mphekesera inali yoti wolowamo ndiye kuti mutu wake sukuyenda bwino, ndipo pochotsa anthu ntchito adzayambira iyeyo.

Ine ndinalowa chifukwa cha tulo. Ku Nyatsime kumene ndinkakhala, madzi tinkawalawirira ku mjigo, choncho pofika masana ndinkasinza pa kauntala ngati nkhuku ya chitopa. Mlangizi uja anandiuza kuti nthawiyo ndi yanga, ndikhoza kulankhula kapena kukhala chete. Ndinasankha kukhala chete. Mpando wake unali wawofuwofu, ndipo chimene chinandidzutsa ndi mkonono wanga womwe. Iye anangomwetulira n'kunena kuti ndidzabwerenso.

Pa kauntala yoyandikana ndi yanga pankakhala amayi ena a ku Unit D, dera lina la ku Chitungwiza komweko, amene makolo awo, monga anga, anachokera ku Malawi. Mwana wawo mmodzi yekhayo anali atamwalira ku Joni, ndipo atangoika maliro anabwerera ku ntchito. Sankalira. Ankangoyang'ana kasitomala osamuona, ndipo manijala anali atayamba kuwatola zifukwa. Zinkandiwawa kwambiri.

"Achemwali, bwanji osakalowa muja?" ndinawafunsa.

"Iwe, unoda kuti ndidzingwe basa?" anandiyankha, kuyambira m'Chishona. "Ukufuna andithamangitse? Akandichotsa ntchito ndikadya chiyani? Aliyense adzaona kuti ndalira."

Apa m'pamene ulesi wanga unapindula. Ndinayamba kunong'oneza anzanga mmodzimmodzi kuti m'kachipindamo muli tulo taulele, tolipiridwa ndi banki. Mnzanga wa ku ofesi ya ngongole anayesa, anatuluka akuyasamula. Mlonda anachonderera kuti wina amugwirire chitseko. Ngakhale wachiwiri kwa manijala, munthu wa tayi yothina uja, anatuluka ndi chidindo cha mpando patsaya. Posakhalitsa tinkalimbirana malo, ndipo a ku Harare anatiyamikira kuti nthambi yathu ikutsogola posamalira maganizo a antchito. Manijala ankadziwa za tulo tathu, koma chiyamikirocho chinamutseka pakamwa. Komanso akanachotsa ndani? Tonse tinali titalowamo.

Lachitatu lina ndinangowauza amayi aja kuti, "Ndi nthawi yanu, kapumeni. Makasitomala anu ndithana nawo ine."

Anandiyang'ana, kenako anapita. Anakhalitsa. Mzere unafika mpaka panja, anthu akundinyoza m'Chishona chakuya, ine ndikungomwetulira monga anatiphunzitsira.

Atatuluka, maso awo anali psuu, otupa. Manijala anali ataima pakhomo pa ofesi yake, ndipo ndinachita mantha. Anawayang'ana, n'kutiyang'ananso ife tonse, aliyense ndi maso ake ofiira a Lachitatu. Anapukusa mutu n'kuwafunsa m'Chishona ngati nawonso ayamba kugona pa ntchito.

"Ehe, bwana, ndagona bwino," anayankha.

Anakhala pa mpando wawo, n'kuitana kasitomala wotsatira. Munthuyo asanafike, anandinong'oneza osandiyang'ana.

"Achimwene, lero ndamulira mwana wanga."