Tabuleti Imene Mng'ono Wanga Anakiya

Mng'ono wanga anali munthu wokiya zinthu. Shuga ankakiya, sopo ankakiya, sutikesi ya zitenje zake inali ndi loko wonga wa pagolosale. Tili atsikana kwathu ku Chulu ndinkamunena kuti tsiku lina adzakiya ndi mpweya womwe, ife tizichita kukapempha. Iye ankangoseka, makiyi akulendewera pa kachingwe m'khosi. Ine ndinakwatiwa pamudzi pomwepo n'kulowa m'fodya mpaka m'zigongono. Iye anapitiriza sukulu, n'kupeza ntchito ya zaumoyo pa kachipatala kena kufupi ndi kuboma, yokweza ana sikelo ndi kuzungulira m'midzi pa njinga.

Anali ndi mwana mmodzi, wamkazi. Bambo a mwanayo anapita ku Joni mwana akukwawa, ndipo chinthu chogwirika chimene anatumiza asanazimirire chinali tabuleti, chifoni chachikulu chija chopanda mabatani. Mwana anali pafupi kuyamba sukulu pamene inafika. Inangofika lero, mawa lake mng'ono wanga anali ataikiya kale. Anasiyira mwana malo ophunzirira malembo, owerengera nambala, ndi ena opakapaka utoto. Zina zonse, zithunzi, makanema, nyimbo, anazitsekera kuseri kwa nambala yachinsinsi imene ankaidziwa yekha. Foni yake inali kakang'ono kamabatani ngati kanga, choncho zithunzi zonse za iye ndi mwana wake ankajambulira pa tabuleti yomweyo.

Sanalekere pomwepo. Anaitchera nthawi kuti dzuwa likapendeka izidzitseka yokha, ndipo m'malo mwa kabelu anajambula mawu ake. Ndinayamba kuwamva atabwera kudzationa pa Khirisimasi. Mwana anali pamphasa akupaka utoto nyumba ina, kenaka chinthucho chinada, n'kuyankhula ndi mawu a munthu amene anali nane pomwepo akusenda anyezi.

"Mayi wanga, yakwana. Ika pansi, kasambe. Mawa ilipo, siithawa."

Pambuyo pa mawuwo pankamveka kamwana kakudandaula, "Aaa, amama!" chifukwa tsiku lojambulalo kanali pafupi ndipo kanatsutsa pomwepo. Kenaka pankamveka mng'ono wanga akuseka, kuseka kwake kwa m'mphuno kuja, n'kuduka.

Ine zinandinyansa. "Iwe, ameneyu ndi mwana kapena wandende?" ndinamufunsa. "Chinthu anatumiza bambo wake, iwe n'kumachita kumupimira ngati mchere wobwereka?"

"Achemwali, chinthu ichi chilibe manyazi," anatero osakweza n'komwe mutu. "Chimaonetsa mwana chilichonse, ndipo sichitopa. Ine ndikachedwa kumidzi, womuuza kuti basi ndani?"

Ndinamuuza kuti anthu a ntchito za boma amadwala matenda a malamulo. Anandiponyera khoko la anyezi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Anamwalira nyengo yothyola fodya. Sanadwale nthawi yaitali. Ndinakamudwazika manja anga akadali akuda ndi utomoni wa masamba, ndipo utomoniwo usanachoke n'komwe tinali titamuika m'manda akwathu. Za masiku amenewo sindikonda kuzifotokoza. Ndinali wamkulu ndine, ndipo ndinkadziwa mumtima kuti iye ndiye adzanditseke maso. Zinatembenuka, ndipo mpaka lero zimandipweteka.

Tsiku logawa katundu makiyi ake sanapezeke. Amuna anga, munthu wofatsa amene mawu ake a tsiku lonse sangadzaze chikho, anatenga nyundo n'kumenya loko wa sutikesi uja. Loko anagwa, chivundikiro chinatseguka, ndipo zitenje zonse zinali momwemo, zopindidwa bwino, zikununkhira sopo. Achibale anagawana. Za tabuleti panalibe wokangana nazo, aliyense anati ndi ya mwana. Za mwanayonso panalibe zokambirana zambiri. Ndi wa mbumba yathu, ine ndine mayi wake wamkulu, anatsala m'nyumba mwanga.

Maliro sadikiritsa fodya. Patangopita masiku ochepa tinabwerera pansi pa chigafa, kusoka masamba ndi kupachika pa mikangala. Mwana anakhala pambali ndi tabuleti yake, imene tinkakatchajitsa pa sola ya aphunzitsi oyandikana nafe. Ine za mawu aja ndinali nditaiwala. Dzuwa litapendeka, ndili wowerama, ndinangomva kumbuyo kwanga: "Mayi wanga, yakwana."

Singano inandigwa. Ndinatembenuka ndithu kuyang'ana kunjira, ngati chitsiru, kuti mwina akubwera akukankha njinga. Mwana uja anayankha limodzi ndi kamwana ka m'tabuleti, "Aaa, amama!" Anadikira kuseka kuja kuthe, n'kuika chinthucho chafufumimba pamphasa, n'kukatenga ndowa. Sanalire. Amene ndinalira ndine, nkhope nditaibisa m'masamba a fodya.

Zinakhala choncho tsiku ndi tsiku. Fodya anauma, tinamanga mabelo, anapita ku okushoni, kunazizira, kunatentha, mng'ono wanga osaphonya ngakhale tsiku limodzi kutuma mwana wake kukasamba. Amayi ena a pamudzi anabwera kudzandilangiza kuti si bwino womwalira azimuitana mwana madzulo aliwonse, angamutenge. Ndinawafunsa ngati womwalirayo akumuitanira kumanda kapena kubafa. Anachoka atakwiya, ndipo wina sanandipatse moni mpaka mvula. Zinalibe kanthu kwa ine. Loko amene ndinkamunyoza uja ndi amene ankandilerera mwana, ndipo inenso ndinayamba kutsokomola dala nthawi ikayandikira kuti ana anga asiye phokoso.

Koma mwana ankadziwa zimene zinali kuseri kwa nambala ija. Ankadziwa kuti muli kanema wa amake akuvina ndi amayi a kwaya, muli zithunzi za tsiku loyamba sukulu, muli china amake atanyamula nkhuku imene anapatsidwa kumudzi wina. Ankayesa manambala, tabuleti n'kumuuza kuti adikire. Tinayesa chaka chobadwa mwanayo, chaka chobadwa amake, nambala ya foni, aphunzitsi aja anayesanso zawo. Mng'ono wanga akakiya, wakiya. Chithunzi cha papepala tinali nacho chimodzi chokha, cha ali mtsikana pa ukwati wanga, ndipo pamenepo anali atayang'ana kumbali.

Tsiku lina tikuthirira nazale ya fodya kudambo, mwana anaima ndi kheni m'manja n'kunena, "Amayi aakulu, mawu a amama ndikuwadziwa. Koma nkhope ikumandithawa."

Amuna anga anali pa bedi lina la mbande akuzula udzu. Sanadzutse mutu, koma ndinaona manja awo ataima.

Chaka chimenecho dzina lathu linatuluka pa makuponi a fetereza. Amene anakhalapo m'zaka zimenezo akudziwa kuti kuponi m'manja si thumba pakhomo. Kudepoti ya kufupi kwathu kunalibe kanthu, ndiye anthu ankapita kuboma kukaima pamzere, ena kugona komweko. Amuna anga ananyamuka pa njinga m'mawa wina, jekete litatupa mbali imodzi, ine n'kumati ndi chimanga chokazinga cha panjira. Masana mwana anafuna tabuleti yake, ndinamuuza kuti iyenera kuti ili pa sola. Kwa aphunzitsi kunalibe. Madzulo amenewo pakhomo panali zii, ndipo mwana anakasamba mochedwa, nditachita kumukalipira.

Amuna anga anabwera mawa lake dzuwa likulowa, thumba la fetereza pa kaliyala, nkhope ikuwala ngati mnyamata wobwera kokafunsira. Asanamasule n'komwe thumba, anaitana mwana.

"Mayi, tabwerani. Loko uja tathyola. Amayi anu muwaona lero."

Anafotokoza kuti atasiya mnzawo pamzere, anapita kwa munthu wina wokonza mafoni mumsika n'kumuuza kuti chinthuchi n'chokiya ndipo mwini nambala anamwalira. Munthuyo anati palibe vuto, aifulasha. Amuna anga sanafunse kuti kufulasha n'kutani. Akanafunsiranji? Anali atathyolapo kale loko wa munthu yemweyo ndi manja awo, ndipo zitenje zinapezeka zili momwemo. Wokonza mafoniyo, pofuna kusangalatsa kasitomala, anawaikiramonso mafilimu a nkhondo, nyimbo ndi timasewera tambirimbiri, basera.

Mwana anailandira ndi manja awiri. Tonse tinamuzungulira, ana anga akukankhana. Inayaka, yosafunsa nambala. Anagusa pa malo a zithunzi. Munalibe kanthu. Anatuluka, n'kulowanso. Munalibe kanthu.

"Fufuzani bwino, mayi," anatero amuna anga. "Mwina zili pansi."

Ndinathamangitsa mwana wanga wamkulu kukaitana aphunzitsi. Anabwera, anaigwiragwira, n'kufunsa mawu amodzi okha, ngati inafulashidwa. Atamva yankho anavula magalasi. Anati kufulasha si kuthyola loko, ndi kusesa nyumba yonse n'kuisiya ngati yatsopano. Zithunzi, makanema, mawu aja, zonse zinapita.

Pakamwa panga ndimapadziwa. Zimene ndinawanena amuna anga tsiku limenelo anamva ndi a tsidya lina la dambo. Ndinawafunsa amene anawatuma. Ndinawafunsa ngati pakhomo pano palibe anthu oti n'kuwafunsa, kapena ngati ine ndine mbuzi yomangidwa pachikhomo. Ndinati mng'ono wanga tinamuika kamodzi, iwo amuikanso kachiwiri. Anangoima atagwira chishalo cha njinga, thumba la fetereza likadali pomwepo.

Usiku kunagwa mvula yoyamba yeniyeni, ija aliyense amadzukira kumunda kukaokera fodya. Amuna anga anadzukira kuboma. Anapalasa m'matope ulendo wonse uja kukapempha wokonza mafoni kuti abwezeretse zimene anachotsa. Munthuyo akuti anadandaula ndithu, anati akanamuuza za zithunzi sakanaigwira, koma panalibenso chochita. Amuna anga anabwerera akukankha njinga, matope mpaka m'mawondo. Anapereka tabuleti kwa mwana osamuyang'ana kumaso, n'kupita kukakhala kuseri kwa chigafa, chimene nyengo imeneyo chimakhala chopanda kanthu. Ndinawatsatira ndili ndi mawu ena otsala. Ndinawapeza atagwira mutu, mapewa akugwedezeka, munthu amene pa maliro a bambo ake omubereka sanagwetse msozi. Mawu anga aja ndinabwerera nawo.

Masiku otsatira tinali kalikiliki kuokera, ndipo ana anga anasangalala nayo tabuleti yotseguka. Mafilimu a nkhondo ankalira pakhonde mpaka batire kutha. Mwini wake sankalimbirana nawo. Ndinaganiza kuti waitaya mumtima, ndipo ndinati mwina n'bwino choncho.

Tsiku lina ndinaweruka kumunda mochedwerapo, msana ukuwawa. Anzake onse a mwana uja anali atapita kukatola nkhuni. Ndinamupeza yekha pamphasa, tabuleti ili pamiyendo, yoyaka. Sankasewera. Ankangoiyang'ana, kenaka n'kuyang'ana dzuwa, limene linali litapendeka kalekale, n'kuyang'ananso tabuleti. Miyendo yake inali yotuwa ndi fumbi la kusukulu.

"Bwanji sunasambe?" ndinamufunsa.

"Sikutseka, amayi aakulu."

"Siitsekanso, mwanawe. Unamva aphunzitsi."

Anayang'ananso tabuleti. "Ndiye ndizileka liti?"

Ndinatula khasu. Anthu ankanena kuyambira kale kuti ine ndi mng'ono wanga tikamayankhula kuseri kwa mpanda sungadziwe kuti uyu ndani, ndipo ine ndinkakana, ndinkati anga ndi mawu a munthu wogwira ntchito, ake ndi a munthu wa m'ofesi. Ndinakhala pansi pambali pake, n'kukonza kukhosi.

"Mayi wanga, yakwana. Kasambe, ika pansi."

"Ayi," anatero msanga. "Amayamba ndi ika pansi."

Ndinayambiranso. "Mayi wanga, yakwana. Ika pansi, kasambe. Mawa ilipo, siithawa."

"Aaa, amama," anayankha motsitsa, maso ali pa tabuleti. Kenaka anadikira. Ndinadziwa chimene ankadikira. Ndinakoka mpweya n'kuyesa kuseka kwa m'mphuno kuja, kumene ndinakumva moyo wanga wonse, kumene kankandipsetsa mtima tili ana. Chimene chinatuluka sichinali kuseka.

Mwana anandiyang'ana nthawi yaitali, monga amachitira aphunzitsi ndi wophunzira amene wayesetsa koma walephera. Anazimitsa tabuleti ndi chala chake, n'kuiika chafufumimba pamphasa.

"Mawa mudzayesenso," anatero, n'kupita kukatenga ndowa.