Mayeso a Atate

Tepi yoyezera ya atate inali yachikasu, manambala ake oyambirira atafufutika ndi chala chawo. Ankaikoleka m'khosi tsiku lonse, pakhonde la sitolo ya Mmwenye wina ku Limbe pamene ankasoka zovala. Anabwera kuchokera kudziko la Apwitikizi ali mnyamata, ndipo anakwatira mochedwa. Pamene ndinkabadwa ine, mwana wawo mmodzi yekha, imvi zinali zitamera kale.

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 2, nthawi ya Chitaganya, chiperoni chinagwa masiku ambiri. M'nyengo yozizira imeneyo atate anasokera kalaliki wina buluku la miyendo yosalingana. Kenako anayeza munthu mmodzi katatu, ulendo uliwonse akumufunsa dzina. Tsiku lina anthu anawapeza ku Mandala atanyowa, akufunsa alonda njira ya kudooko la mabwato. Posakhalitsa pamakina paja panakhala telala wina.

Anzanga anasiya kubwera kwathu. Amayi awo ankati m'nyumba mwathu mwalowa zinthu. Ndinkajambula phada kuseri kwa nyumba n'kumadumpha ndekha, dothi lozizira likumata kumapazi.

Malume, mlongo wawo wa amayi, ndi amene anaumirira kuti tipite kuchipatala ku Blantyre. Ananditenga chifukwa panalibe wondisiyira. Chipindacho chinkanunkha mankhwala okolopera. Dokotala anali mzungu, ndipo pambali pake panaima womasulira wa yunifolomu yoyera. Dokotalayo anawamvetsera atate pachifuwa, anawaunika m'maso ndi tochi, anawagogoda maondo ndi kanyundo. Kenako mafunso anayamba.

"Bambo, lero ndi lachingati? Pano muli kuti?"

Atate anacheukira amayi. Amayi anayang'ana pansi.

"Nduna yaikulu ya Chitaganya ndani?"

"Ameneyo sindinamusokerepo," anatero atate, ndipo womasulira anabisa kuseka m'dzanja.

Lero ndimaona kuti funso limenelo silinali lachilungamo, pakuti ngakhale amayi sakanaliyankha. Koma lotsatira linali lachilungamo. Dokotala anatchula zinthu zitatu, nkhuku, mpando ndi mchere, n'kuwauza atate kuti azisunge m'mutu. Anacheza nawo pang'ono za usodzi, kenako anawafunsa zinthu zija. Atate anapinda chipewa chawo pamiyendo, osakumbuka ngakhale chimodzi. Ndinalephera kupirira. Ndinanong'ona kuti, "Nkhuku." Womasulira anandigwira dzanja mofatsa n'kunditulutsa.

Ndinadikira ndekha pabenchi, mapazi osafika pansi. Amayi atatuluka anauza malume motsitsa mawu: "Akuti sanalodzedwe. Ndi matenda a mu ubongo, ena amawadwala akamakula. Mankhwala palibe. Tibwerenso pakatha miyezi itatu."

Ine ndinangomva chimodzi: atate alephera mayeso, koma awalola kubwereza.

Amayi anayamba kuchapa zovala m'nyumba za azungu, choncho masana tinkatsala awiri, ine ndi atate. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala moyang'anana nawo, sileti pamiyendo. "Atate, lero ndi Lachiwiri. Nenani." Ankanena mwaulemu, nthawi zina m'Chisena chimene ine sindinkachimva bwino. Nkhuku, mpando, mchere. Nkhuku, mpando, mchere. Ankanditcha aphunzitsi, ndipo ine ndinkaganiza kuti akuseleula. Panja mvula yamawawa inkangodontha kudenga la malata, ndipo kutali sitima inkalira ikamalowa mu Limbe. Palibe amene anagogodapo pachitseko chathu nyengo yonseyo.

Tsiku lina anatchula zitatu zonse okha, ine osawathandiza. Ndinakaima panjira kudikira amayi, ndipo nditawaona ndinawakokera m'nyumba asanatule n'komwe mtolo wawo. Manja awo anali otuwa ndi sopo.

"Afunseni nokha, amayi! Akhoza!"

Atate anandiyang'ana nthawi yaitali, akumwetulira monga ankachitira ndi ana a makasitomala awo. Kenako anatembenukira kwa amayi.

"Mwana waulemuyu ndi wa yani?"

Amayi anatuluka panja. Ndinawamva akumina kuseri kwa nyumba.

Ine sindinalire. Ndinangoona kuti pali funso lina limene ndinaiwala kuwaphunzitsa. Ndinatenga sileti n'kulemba dzina langa pansi pa mawu akuti mchere, zilembo zikuluzikulu kuti aziona bwino. Ndinawerengera kuti kwatsala milungu isanu ndi iwiri, nthawi yokwanira. Sindinkadziwa kuti dokotala sankafuna kuona zimene atate aphunzira, koma zimene zachoka.