Nsapato za Azakhali ndi Mtambo wa Nyenyezi

Ndinanyamuka kwathu ku Chikweo Loweruka kutangocha, nditavala nsapato zakuda za azakhali anga. Aphunzitsi athu a sayansi, a Mmadi, ndiwo anandisankha kukaimira sukulu yathu ku Balaka, kumene bungwe lina linkagawa zithunzi zojambulidwa ndi telesikopu, makina oonera zakuthambo. Sukulu iliyonse inkalandira chimodzi chokha.

"Esinala, usakabwere chimanjamanja," anatero. "Ndatopa kujambula nyenyezi ndi choko."

Wakabaza ananditula pa Ntaja cha m'ma seveni, atandilipiritsa 3,000 kwacha. Kondakitala wa minibasi analumbira kuti kwatsala munthu mmodzi, ndipo munthu mmodziyo tinamudikira maola awiri. Ndinapanikizika pakati pa dengu la matemba ndi bambo wina wovala mkanjo.

"Achemwali, ku Balaka kukatani?" anandifunsa bamboyo.

"Kukatenga chithunzi cha malo amene nyenyezi zimabadwira."

"Zimabadwa? Nanga azamba ake ndani?"

Minibasi yonse inaseka. Ine ndinangoyang'ana nsapato.

Pa Liwonde ndinagula chinangwa chophika n'kukwera galimoto ina. Ku Balaka ndinalowa muholo dzuwa lili paliwombo, mwambo utayamba kale. Mkulu wa bungwelo, bambo wa tayi yofiira, ankawerenga papepala. Kumbuyo kwake kunali chithunzicho: chimtambo cha mpweya ndi fumbi, chofiira ngati moto wolusa m'tchire, nyenyezi zatsopano zili mbuu pakati pake. Anati chili mu mlalang'amba woyandikana ndi wathu, ndipo kuwala kwake kwayenda zaka zoposa zikwi zana kuti kutifike.

"Inu akumudzi zotere simunazionepo," anatero akumwetulira.

Komatu a Mmadi anationetsa kale mlalang'amba wotero ndi chala chawo: kamtambo koyera kakumwera, kamene kamaoneka pamwamba pa mango a pasukulu mu Disembala. Ndinakweza mkono n'kufunsa ngati ndi komweko. Bamboyo anatembenuza pepala lake uku ndi uku.

"Funso labwino kwambiri. Koma nthawi yatithera."

Mayi wina wa ku yunivesite, amene anamupatsa ntchito yogawa zakumwa, anandinong'oneza kuti ndi komweko ndithu. Anatinso mitundu ina pachithunzipo amachita kuwonjezera, kuti zimene diso silingaone zionekere.

Kenako inakwana nthawi yolandira. Aliyense ankayamba wajambulidwa. Wojambulayo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe wa ku Chikweo, tavula nsapatozo. Zikuwala kwambiri. Otithandiza akunja sakakhulupirira kuti ndiwe wakumudzi."

"Pepani, si zanga, ndi za azakhali."

"Ndiye bwino. Vula. Chithunzi ulandira tikakujambula."

Ndinakumbukira azakhali atakhala pakhonde dzulo lake, akuzipukuta ndi kansalu kuti ndisakachite manyazi m'tauni. Ndinakumbukiranso choko cha a Mmadi. Ndinavula. Anandiuza kuti ndiyasame pang'ono ngati wodabwa, ndipo ndinayasama. Pomaliza ndinagwada n'kunena zikomo, poti ndimo anandilerera.

Pobwerera kondakitala anafuna kupinda chithunzicho kanayi kuti achiike pansi pa mpando.

"Iyayi," ndinatero, mokweza mpaka ine ndemwe ndinadabwa. Ndinachikumbatira chokulungiza kuyambira ku Balaka mpaka pa Ntaja, osalola ngakhale chigongono cha munthu kuchikhudza.

Ndinafika dzuwa likulowa, a Mmadi akudikira pamsewu. Anachitambasula pomwepo n'kuchiyang'anitsitsa. Lero chili pakhoma la Fomu 3.

Azakhali anafunsa ngati anthu a m'tauni anaziona nsapato zawo. Ndinati anaziona kwambiri. Zina zonse sindinawauze. Ndinangophunzira kuti anthu aja amadziwa kukonza zithunzi: cha mtambo anachiwonjezera mitundu kuti choona chioneke, changa anachichotsera nsapato.