Ulendo wapansi ndi thadzi la a Esinati

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinayenda ulendo wanga woyamba wautali, kuchokera kwathu kufupi ndi Nsaru mpaka kumudzi wina kuseri kwa Namitete. Alongo anga a Esinati anakwatiwa kumeneko, ndipo uthenga unabwera woti kwabadwa mwana wamwamuna. Amayi mwendo unali utatupa, choncho anatuma atsibweni a Lameki. Njinga ya atsibweni inali itathyoka foloko, koma iwo anangoti miyendo ilipo. Ine anandipatsa ntchito yonyamula mphatso, thadzi lamawangamawanga limene amayi ankalikonda kwambiri.

"Likafike lamoyo," anatero amayi akulimanga miyendo ndi luzi. Ndinangogwedeza mutu. Masiku amenewo ndinali wamanyazi kwambiri. Ngakhale m'kalasi, yankho ndinkalidziwa koma mkono osakweza.

Tinanyamuka kunja kukungoyera. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo m'madambo abambo anali atayamba kale kuthirira nazale za fodya. Atsibweni sankakonda msewu. Ankadziwa tinjira ta m'minda, todutsa pa mizere yongogalauza kumene, ndipo aliyense wokumana naye ankamupatsa moni ngati anakulira limodzi. Anandiletsa kuthamanga, amvekere ulendo wautali umafuna phazi lofatsa. Tinkatafuna mtedza wokazinga tikuyenda, iwo akuimba nyimbo za kwaya, ine ndikuona midzi imene ndinkangoimva maina. Mtima wanga unali mbee.

Dzuwa litafika pamutu, nyenje zikulira m'mitengo, ndinaona kuti thadzi lija layasamula kukamwa. Mapiko analekerera, khosi linayamba kuzendewera pamkono panga. Madzi a m'botolo tinali titamaliza. Ndinayenda mtunda ndithu ndikuopa kunena, kenako ndinawanong'oneza atsibweni. Iwo anayang'ana thadzilo, naloza mjigo umene unali chapatali, pomwe panali gulu la amayi ndi zidebe zawo. Anati amayi nkhukuyo anapatsa ine, osati iwo. Atatero anakakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuvula nsapato.

Ndinafika pa mjigopo n'kungoima chapambali. Mayi wina wamtali amene ankapopa anandiyang'ana.

"Kodi mwana iwe, wabwera kudzatiwerenga?"

"Ayi amayi, ndimapempha nawo madzi. Si anga ayi, ndi a nkhukuyi."

Kuseka kumene kunabuka pamenepo sindidzakuiwala. Wina anafunsa ngati nkhukuyo ifunanso tiyi. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Koma akuseka choncho, mayi wamtali uja anachotsa chidebe chake, natunga madzi pa chivindikiro. Anaviika mlomo wa thadzi, naliwaza kunsi kwa mapiko, namasulako pang'ono luzi limene anati lathina kwambiri. Patapita kanthawi linadzutsa mutu n'kuyamba kumwa lokha. Anandifunsa kumene ndinkapita, ndipo ndinangozindikira ndikufotokoza zonse, za mwana, za mwendo wa amayi, ngakhale za foloko ya njinga. Anandimwetsa, nadzaza botolo lathu, nandiuza kuti ndikamupatsire moni mwanayo.

Atsibweni sanandiyamikire. Anangovala nsapato n'kunena kuti tsopano nditsogole ndine. Njira ikagawikana ndinkafunsa ndekha, poyamba mwamanyazi, kenako bwinobwino. Pamene tinkadumpha njanji, imene ndinaiona koyamba tsiku limenelo, moni ndinkayamba ndine.

Tinafika dzuwa litapendeka, mapazi ali mbuu ndi fumbi. A Esinati anandiika mwana m'manja ndisanakhale n'komwe, kakhanda kofunda konunkhira sopo. Ndinapereka thadzi lili maso gwa. Alamu anathokoza, nalinyamula kupita nalo kuseri kwa nyumba, akuitanitsa mpeni kuti alendo adye bwino. Sindikudziwa mphamvu ndinazitenga kuti, koma ndinawatsatira.

"Alamu, chonde, latopa. Layenda kuchokera ku Nsaru."

"Layenda ndi miyendo iti, poti wachita kulinyamula ndiwe?"

Bwalo lonse linafa ndi phwete, atsibweni mpaka misozi. A Esinati anati alisiye, mphatso ya mwana siphedwa tsiku lomwe yafika. Alamu analimasula, ndipo anyamata anayamba kuthamangitsa tambala wina wa pakhomopo, amene tinamudya madzulo ake.

Manyazi sanandithere, mpaka pano ndimayankhula motsitsa. Koma ndikaganiza za ulendo umenewo ndimaona kuti ndinkaopa kusekedwa ngati kuti ndi mapeto a zonse, ndipo mantha amenewo akanaphetsa nkhuku ili m'manja mwanga. Tsiku limenelo anthu anandisekadi kawiri, ndipo kawiri konseko anandipatsa chimene ndinapempha.