Utsi wa Galimoto ya Che Jafali

Ndikamva fungo la petulo wosapsa bwino, mtima umabwerera ku malaini a pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, m'zaka za m'ma 1930, kumene chiperoni ankanyowetsa nkhuni mpaka amayi maso kufiira ndi utsi, kwinaku hamala ya Che Jafali ikugogoda kuseri kwa nyumba yathu akangomaliza kuswali.

Che Jafali tinkayandikana nawo nyumba. Anali Myao wamtali, wosapupuluma, waluso pa zitsulo, ndipo ankatuta mabokosi a tiyi pa ngolo ya ng'ombe kupita kusiteshoni ya Luchenza. Tsiku lina mzungu wa esiteti anawalozera chigalimoto chakufa nati, "Ukachidzutsa, ndiwe dalaivala. Ukachimaliziratu, usamuke pamalo panga." Masiku amenewo mawu otere sanali nthabwala. Banja linkagona m'thengo.

Che Jafali anaphwasula injini yonse, natsuka kachitsulo kalikonse ndi palafini, nkuimanganso. Tsiku loyesa, othyola tiyi anaima mozungulira, madengu ali kumsana. Che Jafali anapukusa handulo. Injini inatsokomola, inalira, kenaka inasanza utsi wakuda bii, wotsamwitsa, mpaka nkhuku zinathawa.

"Che Jafali," anatero kapitawo wathu, "mwamanga galimoto kapena ng'anjo?"

Ndikanakhala ine, kapitawoyo akanalawa sipanala. Ndine wamtima wapachala, sindibisa. Koma Che Jafali anangozimitsa injini, nagwada, nanunkhiza paipi ya utsi ngati mayi wonunkhiza thewera. Anamasula pulagi, naipukutira m'dzanja. Mwaye wokhawokha, wouma.

"Ukanakhala wotuwa, bwenzi ikudya oyilo, ndipo bwenzi ndikumanga katundu," anatero. "Wakudawu ndiye kuti yakhuta petulo. Mwina ndaipatsa wambiri, mwina ikubanika."

Anachepetsa petulo nayesanso, utsi uli womwewo. Kenaka anapisa zala m'paipi yomwe injini imapumira, ndipo anasolola kachithumwa kosokedwa bwino m'nsalu yabuluu ya madontho oyera. Tonse tinacheukira kwa akazi awo, Abiti Amidu, amene anaima poteropo mtsuko uli pamutu. Nsalu imene anavala inali yomweyo.

Amayi anandikokera kumbuyo, poganiza kuti pabuka ndewu.

"Abiti Amidu," anatero Che Jafali mofatsa, "nsalu yanuyi yafupika bwanji?"

"Anthu a pano ndi anjiru, bambo," anayankha, maso ali pa kapitawo. "Choipa chimalowera pakamwa. Ndiye ndinatchinga pakamwa."

"Mwatchingadi. Ngakhale mpweya wa Mulungu sunapeze njira."

Anthu anafa nazo kuseka, Abiti Amidu nawonso anaseka mpaka madzi kutayikira pamapewa. Che Jafali sanachitaye chithumwacho. Anachimangirira pansi pa chiwongolero, napukusanso handulo. Injini inalira mosalala, utsi wochepa nkusowa m'chiperoni. Banja silinasamuke, ndipo zaka zonse zimene anayendetsa galimotoyo kansalu kabuluu kankalendewera pamaondo awo.

Lero ndine bambo wa imvi, koma kupsa mtima sikunandichoke. Akazi anga akandibisira fodya ati chifuwa chichepe, mawu oipa amafika pamilomo. Pamenepo ndimaona dzanja lija lodzaza mwaye litagwira kachithumwa, ndipo ndimayamba ndafunsa kuti nsaluyi yang'ambidwa pathupi pa yani. Nthawi zina ndimakalipabe, sindinama. Koma chithumwa sinditaya.