Chifuwa chinandigwira pakati pa kalembera

Chifuwa chinayamba mu Disembala, chimanga chili m'mawondo. Ndinkati ndi mphepo ya kuno ku Chongoni, choncho ndinkangomwa madzi a mandimu. Pofika Januwale thupi linayamba kutha, chakudya osachifuna, kutentha thupi madzulo alionse.

Nthawiyo n'kuti ndili wapampando wa komiti yosankha mabanja olandira chimanga chimene bungwe lina linkagawa chifukwa cha njala. Amuna anga ankandiuza za chipatala, ine osamva. Ndinkaopa kuti ndikangochoka, anthu amphamvu alowetsa abale awo m'kaundula, amasiye n'kutsala. Wachiwiri wanga, a Nambewe, ndinkawaona ofatsa kwambiri moti sangakanize munthu.

Tsiku lina pamsonkhano ndinatsokomola magazi. M'mawa mwake amuna anga anandikweza panjinga mpaka kumsewu, kenako minibasi ya ku Boma. Kuchipatala tinakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka. Anandiyeza makhololo, n'kundijambula pachifuwa. Adokotala anati, "Mayi, ichi ndi chifuwa chachikulu. Chimachizika, koma mwachedwa nacho." Anandigoneka milungu iwiri. M'mawa uliwonse anamwino ankabwera ndi mapiritsi, n'kuima pomwepo mpaka nditameza.

Sabata yachiwiri a Nambewe anabwera kudzandiona. Anati anapempha a bungwe kuti maina awerengedwe poyera, pabwalo la tchalitchi, mudzi wonse ukumva. Amene ankafuna kuzembetsa abale awo analephera. Koma anthu anatchulanso mabanja amene munalibe m'kaundula wanga, kuphatikizapo la a Lufeyo, bambo olumala miyendo okhala kuseri kwa phiri. Kumeneko ine sindinafike. Mpweya unkandithera pachitunda, ndipo sindinauze munthu.

"Alandira nawo, mayi, musadandaule," anatero a Nambewe. Manyazi anandigwira, komabe mtima unakhala pansi.

Ndinamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa. A m'nyumba mwanga anayezedwa, onse anapezeka alibe matendawa. Lero thupi labwerera, ndikulima mbatata ngati kale. Nditachira ndinapempha mudzi kuti a Nambewe apitirize upampando, ine ndikhale membala wamba, ndipo midzi yoyendera timagawana.

Anzanga ogwira ntchito za anthu, chifuwa chikatha milungu iwiri pitani kuchipatala. Ntchitoyo muisiye m'manja mwa anzanu. Ine ndinayenda khomo ndi khomo ndikutsokomola, m'nyumba za anthu omwe ndinkati ndikuwateteza.