Mayi Amene Anamangitsa Mlongo Wake

Ngati pali chinthu chimene munachita mutakwiya ndipo mpaka lero chimakulumani mumtima, mverani za Antonieta wa ku Meluluca.

Tsiku limene anapita kukatenga mlongo wake Lino kundende, Antonieta anamudutsa pachipata osamuzindikira. Maso ake ankafuna mwamuna wamapewa otambalala uja, amene ankakoka ukonde ngati anthu awiri. Amene anamugwira chitenje anali munthu wowonda, tsitsi litafiira, akutsokomola atagwira pachifuwa.

"Achemwali, ndi ine."

Lino anali atakhala m'ndende zaka ziwiri ndi miyezi isanu osaimako pamaso pa woweruza ngakhale kamodzi. Ndipo amene anamulowetsamo anali Antonieta yemweyo.

Zinayamba chonchi. Mwamuna wa Antonieta atamwalira anasiya ana atatu ndi ukonde umodzi wa usipa. Lino ndiye ankapita nawo panyanja, banja n'kumadya. Koma mowa unamulowerera, ndipo tsiku lina anagulitsa ukondewo kwa anthu odutsa ndi boti. Antonieta atamva, sanakhale n'komwe pansi. Analunjika kupolisi.

"Mungomusunga masiku atatu," anatero, "aone kuti sindikuseka naye."

Masiku atatu atakwana, mkwiyo utazizira, anabwerera kuti akamutenge. Anamuuza kuti mapepala a mlandu apita kale kuboma, ndipo Lino wapita nawo. Kuboma anamuuza kuti woweruza anasamutsidwa ndipo wina sanafike. Atapitanso, anamva kuti zipinda zinadzaza, choncho ena, kuphatikizapo Lino, awatumiza kundende yaikulu kumtunda. Ulendo wina anati galimoto yotengera akaidi ilibe mafuta. Ulendo winanso anati denga linadontha, mapepala ena ananyowa.

Zambiri mwa izi ankazimvera kwa anthu apabenchi, chifukwa muofesi ankayankhula Chipwitikizi, ndipo iye sukulu anailekera kalasi yachiwiri. Ankangovomera ndi mutu n'kutuluka.

Chimene chinamutulutsa Lino sichinali chilungamo. Chinali chifuwa chachikulu.

Kunyumba anakhala miyezi inayi. Tsiku lina Antonieta akumupukuta msana, Lino anayankhula akuyang'ana kukhoma.

"Ukonde uja ndinagulitsadi, achemwali. Akanandifunsa, ndikanavomera tsiku lomwelo. Koma palibe anandifunsa."

Antonieta anafuna kumupempha kuti amukhululukire, koma anangopitiriza kumupukuta msana. Anati adzanena mawa, Lino akapezako mphamvu. Lino anamwalira mawuwo asananenedwe.

Kwa chaka chathunthu Antonieta sanaponde kutchalitchi. Yunifolomu yake ya amayi a mpingo inangokhala m'sutukesi. Akamadutsa pachitsime, nkhani zinkaduka.

Kenako m'mawa wina panafika mayi wa ku Lunho, mwana kumsana. Mwamuna wake anali atamangidwa chifukwa cha ndewu ya pamalire a munda.

"Akuti njira ya kumeneko mumaidziwa ndinu, amayi. Ndiperekezeni."

Antonieta anamuperekeza. Pakhoma la khoti panali pepala la mayina a anthu amene milandu yawo ikumveka sabata imeneyo. Amayi awiriwo anaima patsogolo pake ngati mitengo. Palibe amene ankatha kuwerenga. Manyazi amene Antonieta anamva tsiku limenelo anali amtundu wina, osati ofuna kubisala ayi, koma ofuna kudzuka.

Ali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, analembetsa sukulu ya akuluakulu imene inkachitikira m'chipinda cha tchalitchi masana. M'mawa ankagula usipa kwa asodzi n'kuyanika pathandala, masana ankagwira pensulo ndi zala zonunkha nsomba. Mayeso oyamba analephera. Anzake anayi amene anayamba nawo anasiya. Iye anabwereza.

Patatha zaka zitatu, bungwe lina lothandiza anthu osauka pa milandu linabwera kudzaphunzitsa alangizi a m'midzi. Antonieta analowa nawo. Kumeneko ndi kumene anawerenga ndi maso ake kuti lamulo limaika malire a nthawi imene munthu angasungidwe asanaweruzidwe. Anawerengetsa ndi zala. Malire a Lino anali atadutsa kalekale, iye adakali wamphamvu, asanayambe n'komwe kutsokomola. Pepala limodzi lolembedwa bwino likanamutulutsa.

Antonieta anatuluka m'kalasimo n'kukalira kuseri kwa nyumba. Atatha, anasamba kumaso n'kubwerera pampando wake.

Atabwerera kundende kuja, anakumana ndi a Barnaba, mlonda wachikulire amene ankamukumbukira Lino.

"Amayi, musaganize kuti ife sizimatipweteka," anatero. "Chakudya chimabwera cha anthu makumi asanu, koma amene alimo ndi oposa zana. Odwala ndi osadwala amagona mothinana. Tanena mpaka tatopa."

A Barnaba anamupezera mpando pa masiku oonera akaidi. Antonieta ankafunsa munthu aliyense zinthu zitatu: dzina, tsiku limene anamangidwa, ndi chimene amamuganizira. Wina anali wa mbuzi imodzi. Wina anali wa foni. Wina sankadziwa n'komwe. Mayina a anthu a m'boma lake amene anali asanaweruzidwe anakwana makumi asanu ndi limodzi kudza atatu.

Anapita nawo kwa woweruza watsopano. Kanayi konse anabwezedwa pakhomo. Ulendo wachisanu anakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka ofesi ikutsekedwa, ndipo anamulowetsa. Ankayembekezera munthu wodzikuza. Anapeza mayi wachitsikana wotopa, mlembi mmodzi, ndi milu ya mapepala yofika m'chiuno.

Woweruzayo anawerenga mayinawo mpaka kumapeto, n'kupumira m'mwamba.

"Zonsezi ndi zoona, amayi. Koma galimoto yoti ndiwabweretsere kuno ndilibe."

"Ndiye pitani ndinu," anatero Antonieta. "Iwo ndi ambiri, inu muli nokha. Mpando umodzi wa m'minibasi ya shapa ukukwanani."

Mlembi anatsitsa maso, kudikira kuti mayiyu atulutsidwa. Koma woweruza sanamutulutse.

Patatha milungu isanu ndi umodzi, iye ndi mlembi wake anakweradi shapa, minibasi yomwe timakwera tonsefe, pamodzi ndi woimira boma pa milandu. Anaika tebulo pabwalo la ndende. M'masiku atatu anamva milandu makumi anayi. Anthu khumi ndi asanu ndi anayi anatuluka, ena atakhalamo kale nthawi yoposa chilango chawo. Ena anapezeka olakwa n'kutsala, koma mmodzi wa iwo anagwira Antonieta dzanja n'kunena kuti, "Bola tsopano ndikudziwa tsiku langa."

Lero tebulo la woweruza limapita kundende miyezi itatu iliyonse, msewu ukalola. Milandu ya nkhuku, maukonde ndi malire a minda, Antonieta ndi alangizi anzake asanu amayesetsa kuti ithere kumudzi. Sikuti zonse zakonzeka. Zipinda zidakali zothina, mankhwala amasowa, ndipo nyengo ya mvula ikafika anthu amadikirabe.

Antonieta anabwerera kutchalitchi, koma akamamuyamikira pamaso pa anthu samwetulira. Tsiku lina wansembe anamutchula muulaliki, ndipo potuluka iye anamuuza kuti, "Abambo, musamandikweze. Ndinaphunzira mochedwa. Aliyense amene ndimamuperekeza kutuluka pachipata chija ndimasangalala naye, koma ndi mlongo wa munthu wina."

Ananena zimenezo n'kupita kwawo kukakonza chikwama, chifukwa m'mawa mwake linali tsiku loonera akaidi.

Inu amene mukuwerenga, mwina chimene munalakwa sichingakonzekenso, ndipo amene mukanamupepesa kulibe. Sindikunamizani kuti ululuwo udzatha. Koma pali wina lero amene akudikira munthu woti amufunse dzina lake. Mtima ukulemera, inde. Musautaye. Unyamuleni momwemo, mudzuke, mupite.